Onga wa pansi pa lilime

Dzulo tavundukula chiliza cha anganga a Muhiwa. Simenti yake anaisakaniza moipa, sindikhulupirira kuti ipirira mvula ziwiri. Eni ake akanakhalapo akanaigogoda ndi chala n'kulavula pambali. Abusa analankhula nthawi yaitali za munthu wofatsa amene anagona mwamtendere. Kaya amanena yani. Anganga sanali ofatsa ndipo sanagone mwamtendere. Anafera pa kaliyala ya njinga, m'njira ya ku Milepa, dzuwa lili paliwombo, ine ndikuthamanga pambali nditawagwira msana kuti asagwe. Chinawapha ndi mtima. Koma chimene chikanawathandiza ndinachiononga ndine, ndi singano ndi ulusi. Amayi sakudziwa mpaka lero. Ndikulemba chifukwa pakamwa pakundikanika.

Anali bambo a amayi anga. Makolo awo anachokera kuseri kwa Mulanje, ku Mozambiki, ndipo akakwiya Chinyanja chinkawathera n'kuyamba kutukwana m'Chilomwe. Kuno ku Nchema anabwera ngati mkamwini, koma akazi awo atamwalira panalibe amene anayerekeza kuwauza kuti abwerere kwawo. Akanawauza ndani? Chitsime chilichonse chikafika pathanthwe anthu ankaitana a Muhiwa. Ankatsikira m'dzenjemo, n'kuika khutu pamwala, n'kuugogoda ndi kanyundo kawo. Khutu linali limodzi lokha, linalo linagontha ku migodi ya ku Joni. Akamvetsera ankanena ngati pansi pali madzi kapena ayi, ndipo akati alipo ankasonkha moto pathanthwepo, likafiira n'kulithira madzi ozizira kuti ling'ambike. Sindinamvepo kuti anaphonya.

Munthu ameneyu sankathamanga. Ngakhale mvula ya matalala iwapeze kudimba ankabwera pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga chamumtima. Ankati wothawa chingwe choyaka chophulitsira miyala mothamanga amapunthwa n'kufera pomwepo, wamoyo ndi amene amayenda akuwerenga mapazi. Machesi ndi palafini sankalola kuti zigone chipinda chimodzi. Thumba la feteleza likayandikira kukhitchini ankalikoka okha akutukwana, ife n'kumaseka. Mchere ankathira m'ndiwo asanalawe. Fodya wa chingambwe ankapichira m'mapepala a makope anga akale, ati bola sukulu yanga igwire ntchito ina poti ndinailekera fomu 3. Zinkandiwawa, ndipo ankadziwa. Ankanditcha akazanga, monga amachitira agogo kwa mdzukulu, ine n'kumawayankha kuti mwamuna wopanda mano ndilibe naye ntchito.

Za ku Joni sankakonda kukamba. Zochepa zimene ndikudziwa ndinazitola akusenda kalongonda pakhonde. Ntchito yawo inali kunyamula timitengo ta dayinamaiti n'kumatilowetsa m'mabowo a mwala. Iwo sankati dayinamaiti, ankangoti onga. Ankati onga ukafunda umatuluka thukuta lamafuta, ndipo ukaukhudza n'kudzipukuta pamphumi mutu umang'amba ngati wina akuwaza nkhuni m'kati. Lolemba ndiye linali tsiku loipa. Pofika Lachitatu thupi linkazolowera, koma ukapuma Lamulungu, Lolemba zinkayambiranso. Ena ankabisa kachidutswa m'chipewa kuti thupi lisaiwale.

Inalipo nkhani ina imene sankaimaliza. Akaphulitsa, mumgodi munkadzaza utsi wofiirira, ndipo lamulo linali kudikira. Mnzawo wina wa ku Phalombe anaiwala jekete m'katimo n'kubwerera kukatenga. Anatuluka akutsokomola pang'ono, akuseka, jekete lili paphewa. Anadya bwinobwino. Mawa lake thovu linkatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, munthu akumira ali pabedi louma. Akafika pamenepa anganga ankasiya, n'kundituma moto wa fodya.

Matenda anayamba chaka cha nandolo wambiri. Tinali kudimba, iwo atanyamula makeni awiri, ndipo anangoima. Anatula makeniwo bwinobwino osataya dontho, n'kugwira pachifuwa ndi chibakera. Nkhope inachita phulusa. Ndinawafunsa chavuta n'chiyani, anati pali munthu wawakhalira pachifuwa ndipo dzanja lamanzere si lawo. Patapita kanthawi zinatha, n'kunyamulanso makeni. Zinabweranso sabata lomwelo kawiri. A kuchipatala chaching'ono cha ku Milepa anawayeza, anati bipi yakwera kwambiri, n'kutilembera kalata ya kuchipatala chachikulu m'tauni. Ndinawaperekeza ndine chifukwa ndine ndinkamva Chingerezi pakhomopo.

Dokotala wake anali wachinyamata, wosafulumira. Anatulutsa kabotolo kagalasi kakuda, kakang'ono ngati chala chachikulu, muli timapiritsi tonga njere za mapira. Anati ululu ukayamba akhale pansi, aike kamodzi kunsi kwa lilime, asameze. Anganga, poti anali atakwera masitepe, ululu unali utayamba kale, ndiye anayesera pomwepo. Ndinkawayang'ana. Chibakera chija chinamasuka. Kenaka anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka namwino anasuzumira.

"Adokotala, uyu ndikumudziwa," anatero. "Ndagona naye ku Joni zaka zambiri. Mwandimwetsa onga."

Ndinachita manyazi. Ndinati, "Anganga, musamayankhule zopusa pamaso pa anthu."

Koma dokotala uja anati akunena zoona, ndi mafuta omwewo, kungoti ndi kadontho kochepetsetsa. Anatenga pepala n'kujambula kapaipi. Anati m'kati mwa mitsempha ya magazi muli kakhungu kopyapyala, ndipo kakhunguko kamapanga mpweya wochepa kwambiri wotchedwa naitiriki okusaidi. Mpweya umenewo ndi umene umauza mtsempha kuti umasuke, magazi adutse. Sukhalitsa, umatha ngati kuphethira, choncho thupi limayenera kumaupanga nthawi zonse. Ukalamba, fodya, mchere wambiri, bipi ndi shuga zimaononga kakhungu kaja. Mpweya umachepa, mitsempha imauma ndi kuchepa njira, mtima n'kumalima ndi njala. Kapiritsi kaja kakasungunuka kamasanduka mpweya womwewo m'thupi, mitsempha n'kutseguka, ya kumutu yomwe, n'chifukwa chake mutu umawawa. Anati mankhwalawa ndi akalekale, koma momwe amagwirira ntchito zadziwika posachedwapa.

Anganga anatembenuzira khutu labwino kwa iye. "Nanga utsi wofiira uja wa mumgodi?"

Dokotala anati ndi pachibale. Mpweya womwewo ukachuluka n'kukumana ndi mphepo umasanduka utsi umenewo, ndipo umawotcha mapapo.

"Ndiye kuti wopha ndi wochiza ndi a bere limodzi," anatero anganga. Sanasekenso.

Potuluka dokotala anabwereza kawiri. Mapiritsi asachoke m'kabotolo kawo. Chitsekero chikhale chothina, asaikemo thonje, asasunge pofunda kapena ponyowa. Pakatha miyezi iwiri chitsegulireni tibwere tidzatenge ena, ngakhale akale atsale. Ndinamva zonsezi. Ndinamasulira ndine.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala munthu wamantha. Sindinkauza wina aliyense, ndinkangokalipa. M'mawa ndinkaima kuseri kwa nyumba yawo ndi tsache m'manja, osasesa, kudikira kuti atsokomole. Akaima panjira kuyang'ana mbalame mtima wanga unkaima nawo. Ndinawabisira mchere, anakapempha kwa aneba. Ndinawatayira fodya m'chimbudzi, sanandilankhule masiku atatu, kenaka anapichira wina m'satifiketi yanga ya sitandade 8. Pamenepo ndinawatukwana, iwo anabweza m'Chilomwe, amayi n'kutseka chitseko kuti anthu asamve.

Kabotolo kaja anakasunga monga ankasungira onga. M'nyumba mwawo, kuseri kwa mtsuko wa madzi, anathira mchenga wa kumtsinje, n'kukumba kadzenje, n'kukaimika momwemo, pamthunzi pozizira. Malo abwino ndithu. Vuto linali loti mtima sunkawagwirira kuseri kwa mtsuko. Unkawagwirira kudimba, kumaliro, panjira ya kutchalitchi. Kawiri konse ndinathamanga kuchokera kudimba kukatenga. Ulendo wachiwiri ndinagwa pamizere ya chinangwa, bondo n'kung'ambika, ndipo pobwerera ndinawapeza atatsamira mtengo wa mango, milomo itada, maso akuyang'ana kumene kulibe kanthu. Ndinaganiza kuti apita. Kapiritsi katalowa anabwerera, n'kugwira mutu, n'kunena kuti onga, mnzawo wa ku Joni uja, wafika mochedwa lero.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinang'amba chitenje chakale cha amayi n'kusoka kathumba. Ndinakalowetsa chingwe cha thumba la feteleza. Kabotolo sikankakhala bwino m'menemo, kankagunda pafupa la pachifuwa, ndiponso ndinkaopa kuti akagwa nako kasweka n'kuwacheka. Ndiye ndinakhuthulira mapiritsi m'kapulasitiki ka mankhwala a malungo, n'kuika m'kathumbamo.

"Valani," ndinatero.

Anakayang'ana osakagwira. "Akazanga, mwandisokera chithumwa? Abusa andidula."

"Valani, anganga."

"Onga sasunga pathupi. Thupi ndi lofunda, limatuluka thukuta. Mnyamata uja ananena, iwe unamasulira wekha."

"Ananena za padzuwa ndi pamoto. Pakhosi panu pali moto? Mankhwala ndi piritsi, botolo si mankhwala."

"Ine onga ndaugwira iwe usanabadwe, amako asanabadwe."

"Mwaugwira, nanga lero unakuthandizani uli kuseri kwa mtsuko? Mukufuna ndidzakupezeni mutauma pansi pa mango? Onani bondo langali. Inu sukulu simunapiteko, zinazi muzimvera."

Mawu omalizawo ndi amene anawagonjetsa, osati chifukwa anali oona. Anayang'ana bondo langa, magazi atauma mpaka kuphazi. Anaweramitsa mutu ngati mwana wovekedwa mkanda, ine n'kuwaveka.

Njira inalipo, yophweka. Kabotolo kakanamayenda nawo m'kachikwama ka m'manja, kotseka, n'kumaikidwa pamthunzi akamagwira ntchito. Palibe anaiganiza. Iwo ankaganiza za onga, ine ndinkaganiza za mtunda wa kudimba.

Miyezi iwiri inakwana mvula ili pakati, njira zitaoloka matope. Ndinakumbutsa amayi za kutauni. Anatsegula kathumba n'kuona mapiritsi akadali ambiri, anati mankhwala sataya, ena akuwasowa. Sindinalimbikire. Kunena zoona ndinali nditapuma. Ndikaona chingwe chija pakhosi pawo ndinkatha kupita kumtsinje osatembenuka.

Kenaka mutu unasiya kuwawa. Ankaika kapiritsi, n'kukhala, n'kudikira, ululu n'kutha mochedwa, koma manja osapita kumutu. Amayi anasangalala. Anakachitira umboni kumapemphero a amayi a Lachinayi kuti Mulungu wachotsa litsipa la atate, tsopano mankhwala awayanja. Azimayi anaimba. Inenso ndinkaona ngati ndi zabwino, mankhwala osapweteka ndani angawakane?

Tsiku lina akusenda kalongonda ananena osandiyang'ana, "Onga wanyowa, akazanga. Sukulumanso pansi pa lilime."

"Mwayambanso. Ukawawa mudandaula, ukasiya mudandaula. Mukufuna chiyani kwenikweni?"

Anapitiriza kusenda. Kenaka anati, "Palibe. Nkhope yako inamasuka chivalireni chingwechi. Zisiye choncho."

Ndinamva ngati akunditonza, ndinanyamula ndowa n'kuchoka. Mawu amenewo ndawatembenuza chaka chonse. Ankadziwa. Munthu amene ankamva madzi kunsi kwa thanthwe sakanalephera kumva kuti piritsi lafa m'kamwa mwake. Akanatha kuvula. Akanatha kukwera basi okha. Anasankha kuti ine ndisamaime ndi tsache kuseri kwa nyumba. Sindinawapemphe zimenezo, ndipo sindikuwathokoza.

Tsiku lake linali la mu Okutobala, kotentha kuyambira m'mawa. Banja lina kutsidya kwa dambo linafika pathanthwe pokumba chitsime, n'kubwera kudzawatenga. Ndinakana. Anati sakakumba, akangomvetsera. Ndinawatsatira ndikung'ung'udza njira yonse. Anatsika pamakwerero, anagogoda, anaika khutu. Anauza eni ake kuti madzi alipo, asafooke, akuwamva ngati munthu wopumira m'chipinda china. Pokwera anaima pakati pa makwerero. Ndinaona chibakera chikupita pachifuwa.

Anamaliza kukwera okha. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pansi pa mtengo, milomo ikuwerenga, n'kukhala. Ndinatsegula kathumba. Kapulasitiki kanali katabooka pakona, mapiritsi atamatana, ena atasanduka ufa wosakanikira ndi ulusi wa chitenje. Ndinamatula kamodzi ndi chikhadabo n'kuwaika kunsi kwa lilime. Tinadikira. Ndinkayang'ana manja awo kuti apite kumutu. Sanapite. Thukuta linkatsika ngati awathira madzi, koma khungu lili zii. Ndinaika kachiwiri. Anasanza. Ndinaika kachitatu pamodzi ndi ufa womwe, zala zanga zili m'kamwa mwawo.

"Sukuluma," anatero, mawu ali pansi.

"Uluma, dikirani. Anganga, dikirani."

"Kaitane njinga. Usathamange."

Ndinathamanga. Wakabaza ndinamupeza pamphambano, bambo wachikulire amene chitsime chake anang'amba ndi anganga omwewo. Tinawakweza pa kaliyala, iye akukankha chifukwa kupalasa sikukanatheka, ine ndili pambali dzanja lili pamsana pawo. Ndinkamva akuwerenga m'Chilomwe. Titadutsa kamlatho ka mitengo kuwerenga kunasiya, msana n'kulemera m'dzanja langa. Wakabaza anayang'ana kumbuyo kamodzi, n'kupitiriza kukankha. Tinafika nawo ku Milepa ali chikhalire.

Adokotala a pamenepo anawagwira pakhosi n'kupukusa mutu. Poona chingwe anafunsa kuti n'chiyani. Ndinawapatsa. Anakhuthulira m'dzanja, anafikisa ndi chala, n'kundifunsa kuti akhala m'menemo nthawi yaitali bwanji. Ndinanena. Anafunsa kuti kabotolo kali kuti. Ndinanena. Sanandikalipire, bola akanatero. Anati mafuta a m'mapiritsi amenewa amauluka, pulasitiki ndi nsalu zimawamwa, kufunda kwa thupi kumawathamangitsa, chotsala ndi ufa chabe. Anati kuluma ndi mutu si umboni wokwanira nthawi zonse, ena thupi limazolowera, koma awa anali atatha kalekale. Kenaka anandiyang'ana n'kuwonjeza kuti mwina mtsempha wa mtima unatsekekeratu, ndipo zikatero ngakhale piritsi latsopano silitsegula.

Mwina. Mawu amenewa ndimadana nawo. Anandipatsa kuti ndizigonera, koma ali ndi mbali ziwiri, ndipo ine ndimagonera inayo.

Amayi atafika anatenga kathumba m'manja mwanga, anakachapa, n'kuwaveka m'bokosi. Anauza anamfedwa onse kuti mwana wawo, ngakhale ndi wapakamwa, anawasokera anganga ake ndi manja ake kuti mankhwala asamatalikire. Azimayi ankandigwira paphewa. Dzulo kumanda abwerezanso, abusa n'kugwedeza mutu.

Ndikanatha kukhala nazo chete mpaka kufa. Koma miyezi yapitayi amayi ayamba kuima panjira ya kuchigayo. Amatula thumba bwinobwino, amati akupuma, chibakera chili pachifuwa. Sabata latha ndinapita nawo kutauni. Tinabwerako ndi kabotolo kagalasi kakuda, kakang'ono ngati chala chachikulu. Dzulo anthu atabalalika, tikutsuka mbale kuseri, anatulutsa kansalu kamene anang'amba kale.

"Undisokere kanga, ngati ka atate," anatero.

"Ayi."

"Ayi chiyani? Wayamba ulesi?"

"Kabotolo kazikhala m'kachikwama kanu, kotseka, kazipita kulikonse mukupita. Mukakatsegula n'kukhuthula ndidzakuswerani mbale zonsezi."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anafunsa kuti bwanji atate ndinawasokera. Ndinati madzi atha, n'kunyamula ndowa. Amayi amawerenga pang'onopang'ono, akutsata ndi chala. Mapepalawa ndiwaika pa mphasa yawo, ndipo ndikakhala panja mpaka amalize.

Nyumba ya anganga sinagwetsedwe, tikusungiramo nandolo. Kanyundo kali pamwamba pa khoma pomwe anakasiya. Pakhonde pali chigamba chakuda pomwe ankazimitsira fodya. Mtsuko anautenga amayi, ndiye mchenga uja uli poyera tsopano, wouma, nyerere zadutsamo. Kabotolo kawo kakadali m'kadzenje kake, koimirira. Ndinakanyamula lero m'mawa. Mulibe kanthu, ndinakhuthula ndine. Koma chitsekero anganga anachithinitsanso mwamphamvu moti ndalephera kutsegula.